Zimatayala za Tanner, Ng'ombe Zili ku Dambo

Mvula inagwa masiku anayi kumtunda, ndipo aliyense wokhala m'mphepete mwa mtsinje wa Neches amadziwa kuti madzi a kumtunda sapempha njira. Lachinayi m'mawa wailesi inanena poyera kuti dzuwa likamapendeka, dambo lonse likhala litamira. Verna Stubblefield anali ndi ng'ombe khumi ndi zinayi ku damboko, zazikazi khumi ndi ziwiri ndi tiana tiwiri tobadwa sabata yomweyo. Zinatsala zomwezo. Zina zinapita ndi chilala, zina zinapita ndi matenda a malemu mwamuna wake, ndipo zotsalazi ndi zimene zinkagwira nyumba kuti isagwe. Ntchito inali imodzi basi: kukoka ngolo, kukazikweza, n'kuzisamutsira ku busa la kumtunda, ulendo wa mamailosi asanu ndi awiri.

Koma galimoto panalibe. Mwana wake Tanner, munthu wa zaka 27, ndevu zili thoo koma nzeru zikadali zokwawa, anaitenga dzulo lake ponena kuti akukasinthitsa oilo. Sanabwere. Foni sankayankha. Verna anaima pakhonde atavala kale nsapato za matope, khofi akuzizira m'manja.

Anayamba kuimva isanaoneke. Wuuuu, ngati njuchi zikusamuka. Kenako inakhota pa geti, ndipo Verna anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

Galimoto inali yake ndithu, pikiapu yoyera ya zitseko zinayi imene inakoka ng'ombe zaka zisanu ndi zitatu. Koma inali itaima pa zimatayala zakuda bii, za mano ngati za thirakitala, zotuluka kunja kwa bodi ngati ziuno za munthu wobwereka buluku. Mwezi wathawu Tanner anali ataikweza kale m'mwamba ndi zitsulo za pansi pa masipuling'i. Verna anatukwana masiku atatu n'kusiya, poona kuti ngolo ikulowabe ngakhale movutikira. Sanadziwe kuti kukwezako kunali kulambula malo a zinthu izi.

Tanner anatsika modumpha, poti panalibe njira ina yotsikira.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwadzuka bwanji, Amayi."

"Ndadzuka. Ndati ichi n'chiyani?"

"Matayala, Amayi. A mainchesi 37. Odell wa ku galaja wandiikira dzulo. Taonani mano akewo, awa sadziwa matope."

"Oilo ali kuti?"

"Oilo tisintha."

"Wamva wailesi iwe?"

"Ndamva. N'chifukwa chake ndikuti tili ndi mwayi. Ndi matayala akale aja mukanatitimira pa geti pomwe la ku dambo."

Verna analoza ngolo ndi chibwano.

Ngolo za ng'ombe za kuno sizikolekedwa kumchira ayi. Zili ndi khosi lalitali lopindika limene limadutsa pamwamba pa bodi ya kumbuyo yonyamulira katundu n'kukavala mpira wachitsulo womangidwa pa msana wa galimoto, pakati pa matayala a kumbuyo. Pakati pa khosilo ndi m'mphepete mwa bodi pamayenera kutsala mpata wolowa chibakera. Mwana aliyense wokulira pa ng'ombe amadziwa zimenezi asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

Tanner anapukusa mwendo wa ngolo mpaka unathera, khosi osafika. Anaika chipika pansi pa mwendowo, n'kupukusanso, thukuta lili kamukamu. Anabwerera cham'mbuyo, khosi linavala mpira, ndipo ngolo inaima mutu uli m'mwamba, matako ali pansi. Verna analowetsa dzanja pakati pa khosi ndi bodi. Chala chimodzi chinalowa. Chachiwiri chinakana.

"Ikwana," anatero Tanner. "Ndingochotsa chitseko cha kumbuyochi."

"Chotsa. Ukachotsa ukhote."

Anachotsa. Anayenda molunjika, zonse zili bwino. Atangopinda chiwongolero kuloza ku geti, kunamveka kwiii, kenako gwede! Khosi linaponda ngodya ya bodi n'kuipinda ngati chitini cha nsomba. Tanner anaponda buleki, natsika akuthamanga.

"Penti yanga! Amayi, penti!"

"Penti yako. Pabwalo posalala pano. Nanga ku dambo kuli zigwa kuja ikatani, ikakuvula mutu?"

Verna analowa m'nyumba n'kuyamba kuimba mafoni. Anaimbira anthu asanu. Aliyense anali pa msewu ndi ng'ombe zake, ndipo sungamudzudzule munthu. Wina anati mwina cha m'ma 5 koloko. Cha m'ma 5 koloko ng'ombe zikhala zikusambira. Anatuluka, namasula ngolo yekha, natenga ndowa ya chakudya cha ng'ombe n'kuigadamiza pafupi ndi chitseko cha galimoto. Tanner anatambasula dzanja kuti amuthandize kukwera.

"Chotsa dzanjalo. Ndinakubala popanda thandizo lako."

Anaponda pa ndowa, nagwira chitseko, nadzikoka mpaka anakhala. Bondo linalira koma nkhope sinasinthe.

"Kwa Odell."

Galaja ya Odell Purvis inali pa mphambano, moyang'anana ndi sitolo ya zakudya za ziweto. Mvula ikagwa pamadzaza amuna opanda chochita, kumwa khofi wa ulere ndi kukambirana za mtsinje ngati ndi iwo akuutsegula. Tsiku limenelo analipo atatu. Ataona galimoto ikulowa, anaimba mluzu. Ataona amene akutsika mbali inayo, mluzu unafera m'kamwa.

Odell anatuluka akupukuta manja. Anali bambo wa mimba yake, wa zaka zopitirira makumi anayi, koma Verna ankamulera ali khanda pamene amayi ake ankagwira ntchito ku fakitale ya nkhuku, ndiye ulemu wa "inu" sankaudziwa kwa iye.

"Amayi Verna! Mwaiona mphatso ya mwana wanu?"

"Iwe Odell, galimoto iyi imagwira ntchito yanji?"

"Eee, zambiri."

"Imagwira ntchito yanji?"

"Imakoka ngolo."

"Mpira uli mu bodiwo unaika ndani?"

"Ndinaika ine, nthawi ya malemu."

"Ndiye unali utaledzera dzulo, kapena maso anakuthawa?"

Odell anaseka kuseka kwa munthu amene anzake akumuonerera. "Amayi, kasitomala akabwera n'kunena kuti ndiikire awa, ine ndimaika. Ndinamuuza kuti ayese ngolo. Tanner, sindinakuuze?"

"Munati mwina ikwana," anatero Tanner.

"Ndinati mwina."

"Mwina wakoyo wandipindira bodi," anatero Verna. "Bweza matayala anga akale. Pompano."

Odell anakanda kumbuyo kwa khutu. Matayala akale Tanner anawasiya monga gawo la malonda, pamodzi ndi malimu ake, ndipo madzulo omwewo munthu wina wokhoma madenga anawagula n'kupita nawo kwawo, kutali. Ena a msinkhu umenewo analibe, akaitanitsa afika Lolemba. Kutsitsa galimoto, kuchotsa zitsulo za pansi zija, inali ntchito ya tsiku lathunthu.

"Ndiye mundikhululukire, Amayi. Palibe chimene ndingachite lero."

Mmodzi wa omwa khofi, nkhalamba ya chipewa chothothoka, anati, "Bwanji osangozitsegulira geti ng'ombezo, zidzionere zokha?"

"Inu a Lonnie, geti la ku dambo limatsegukira ku mtsinje. Imwani khofi, sanakuitaneni."

Verna anazungulira galimoto. Anagwada, bondo likuliranso, nasuzumira pansi. Anaona mpira uja, kuti sunagwire bodi konse, wangodutsa pa bowo kuchokera pa zitsulo za msana. Anadzuka akugwira tayala.

"Chikutsekereza ndi bodi. Chotsa bodi."

"Amayi!" anakuwa Tanner.

"Mabawuti ndi angati, Odell?"

"Asanu ndi atatu. Ndi paipi ya mafuta, ndi mawaya a nyali. Koma Amayi..."

"Amayi, simungavule galimoto yanga pagulu ngati..."

"Yako? Pepala lake lili ndi dzina la ndani? Wagula matayala ndiye wagula galimoto? Ukagula chipewa wagula mutu wa munthu?"

Omwa khofi anayang'ana m'makapu mwawo. Tanner anafiira makutu.

Odell ndiye anaona mpata. Anapinda manja pamimba. "Ntchito imeneyo ndi ya maola awiri, ndipo ndili ndi galimoto ziwiri patsogolo panu. Eni ake akudikira. Koma poti ndinu, tikhoza kukambirana. Mukudziwa mlamu wanga uja wakhala akufuna kumasaka nawo ku dambo kwanu. Mukamulola chaka chino, ndiponso mukatiwonjezera masabata awiri osaka agwape, ndiyamba pompano."

Odell ankasaka m'nkhalango ya Verna chaka chilichonse kuyambira nthawi ya malemu. Anamangako kanyumba kam'mwamba kobisalira, ndipo mitu ya agwape yonse yopachikidwa mu ofesi yake inachokera kumeneko. Pofika Novembala, nyengo yosaka, munthuyo sankadya bwino ndi chimwemwe.

Verna anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi.

"Wandiphera galimoto, ndiye ukufuna ndikupatse mphoto?"

"Ayi, ndikungoti tithandizane."

"Tamvera tithandizane. Mlamu wako amawombera chilichonse chogwedezeka, sadzaponda kwanga ndili moyo. Iwenso kuyambira lero usaponde. Kanyumba kako kaja ndikagwetsa ndi thirakitala, matabwa ndiwotchera nyama."

"Aaa, Amayi, zafika pamenepo?"

"Zafika. Ukachotsa bodi mu mphindi makumi anayi, udzasaka nguluwe. Nguluwe zokha, poti zikundikumbira busa."

"Nguluwe? Nguluwe amasaka aliyense! Agwape, Amayi."

"Agwape tidzakamba ndikaona ng'ombe zanga zonse zikupuma. Ikafa imodzi, iwe ndi agwape mwatsanzikana."

"Ola limodzi. Mabawutiwo achita dzimbiri."

"Makumi anayi. Bodi uisunge m'kati, isanyowe. Pobweza ubweza ulere, ndi ngodya yopindikayo uwongole."

"Kuwongola ayi! Sindinapinde ine!"

"Wayamba kudya mphindi zako."

Odell anatukwana chapansipansi, nakoka paipi ya mpweya. Mabawuti asanu ndi awiri anatuluka akulira. Lachisanu ndi chitatu linakana mpaka analidula ndi moto. Verna anaima pomwepo, maso pa wotchi ya pakhoma, osakhala pansi ngakhale anamupatsa mpando. Itafika nthawi yonyamula, anatembenukira omwa khofi aja.

"Khofi wa ulere watha. Dzukani, aliyense ngodya yake."

Anadzuka. Ananyamula bodi amuna asanu, a Lonnie akubuula za msana wawo, n'kuikhazika pa matayala akutha. Galimoto inatsala mutu wokha ndi mafupa, zimatayala zili poyera kumbuyo, ngati nkhuku yososola yovala nsapato za msilikali. Wina anaseka. Tanner anakwera osayang'ana munthu.

Inali itakwana 11 koloko pamene anakoleka ngolo kachiwiri. Tsopano khosi linkakhota momasuka, koma ngolo inali chikhalire mutu m'mwamba, mchira utatsala pang'ono kukhudza pansi. Verna anadziwa tanthauzo lake. Katundu yense akakhala pa matayala awiri a kumbuyo kwenikweni kwa ngolo. Ngolo yonyamula khumi ndi zinayi ulendo umodzi inayenera kupita kawiri.

Njira ya ku dambo inali phala. Apa tisanamizane, zimatayala zija zinagwira ntchito. Zinaluma matope n'kumawataya m'mwamba, galimoto ikungopita ngati ili pa tala.

"Mwaona?" anatero Tanner. "Mwaona, Amayi? Akale aja bwenzi tikukumba pano."

"Akale aja bwenzi ndamaliza 9 koloko, njira isanafewe. Yang'ana kutsogolo."

Ng'ombe zinali zitasonkhana kale pa khola la ku dambo, zikununkhiza mphepo. Verna anagogoda ndowa ya chakudya, zinabwera. Anakweza zisanu ndi ziwiri, nazitsekera chakutsogolo kwa ngolo. Ziwiri za anazo sizinaoneke. Ng'ombe yongobereka imabisa mwana m'tchire, ndipo siituluka chifukwa cha ndowa.

Ulendo woyamba unatenga ola ndi theka, poti ngolo yopendekeka sungaithamangitse. Pobwerera anapeza madzi atayamba kudutsa pa njira, pamalo otsika pamene pali kamlatho ka simenti. Anali ofika m'kakolo, ofiira, atanyamula zinyalala. Anawoloka. Anakweza zitatu zotsala, kenako analowa m'tchire wapansi kukafuna za ana zija. Anazipeza kuseri kwa minga, ndipo panapita pafupifupi ola kuti azitulutse, Tanner atanyamula kamwana kamodzi pa mapewa, mayi wake akumufwenthera kumsana. Pa ntchito imeneyi mnyamatayo sankalakwitsa. Verna anaona, koma sananene.

Atafika pa kamlatho kachiwiri, kamlatho kanalibe. Panali mtsinje. Mitengo ya mpanda wa m'mbali inkaoneka mitu yokha.

"Tidutsa," anatero Tanner. "Galimoto ndi yaitali."

"Galimoto ndi yaitali. Ngolo?"

Sanafike n'komwe pa madziwo. Njira imatsetsereka isanafike pa kamlatho, ndipo pamene galimoto inatsika n'kuyamba kuwongoka, mchira wa ngolo unakhala pansi. Unalima matope ngati khasu la thirakitala, matayala a kumbuyo aja anamira mpaka osaoneka, ndipo zonse zinaima. Tanner anaponda moto. Zimatayala zinayi zinazungulira, matope anafika pa denga, ngolo osasuntha ngakhale pang'ono. Anayesa cham'mbuyo. Inamira kwambiri.

"Siya! Ukuikwirira!"

Anatsika onse. Madzi anali akukwera njira kubwera kumene iwo anali, osathamanga, koma ukayang'ana kumbali n'kubweza maso, mwala umene unauona sukuonekanso. Kumbuyo kwawo, ku khola, dambo linali litayamba kunyezimira. Kutsidya kwa madzi, mtunda wa theka la mailo, kunali msewu wa tala wokwezeka ndi bwalo la tchalitchi lokhala ndi mpanda.

Verna anayeza ndi maso. Zazikuluzo zikanatha kuwoloka, madzi akanazifika m'mimba. Koma tiana ta masiku anayi tikanatengedwa ngati masamba. Ndipo ng'ombe ya mwana siwoloka kusiya mwana, imabwerera, ndipo ikabwerera imodzi zonse zimabwerera.

"Tsegula ngolo, zituluke. Kenako masula galimoto."

"Ngolo tiisiya?"

"Ukufuna uisenze?"

Anatsegula. Ng'ombe zinatsika zikuterereka, n'kuima mounjikana pa njira, zikulira. Tanner anatsitsa mwendo wa ngolo, naika thabwa pansi, n'kupukusa. Thabwa linamira pang'ono, kenako linagwira. Khosi linayamba kukwera, koma galimoto nayo inkakwera nalo limodzi, masipuling'i akudzuka poti katundu akuchoka. Anapukusa mpaka chopukusira chinauma gwa. Mwendo unali utathera. Mpira unali ukadali m'kamwa mwa khosi, kutsala zala zitatu kuti utuluke.

Anafunafuna chipika. Chipika chinatsala pabwalo kunyumba. Anayesa kudumphira pa zitsulo za galimoto kuti itsike. Inangogwedezeka ngati ikumuseka.

"Sizikutheka, Amayi. Ngolo siikwera kuposa apa."

"Ngolo ikakana kukwera, galimoto itsike."

Tanner anamuyang'ana. Verna anapisa m'thumba la jekete, natulutsa mpeni wake wodulira zingwe za udzu, nautsegula.

"Ayi," anatero Tanner. "Ayi, Amayi. Ndiphwetsa pang'onopang'ono ndi kamtengo."

"Zimatayala zimenezo ndi kamtengo? Tigona pano. Dula mavalavu a matayala a kumbuyo."

"Ndikayenda nawo ophwa atha! Ang'ambika m'mbali! Mukudziwa miyezi imene ndagwira maovataimu ku fakitale ya matabwa chifukwa cha amenewa? Sanathe ngakhale tsiku limodzi!"

"Tiana ito tatha masiku anayi."

"Simunafune n'kale lonse kuti ndikhale ndi kanthu kanga! Chilichonse pakhomo paja ndi chanu, ng'ombe zanu, galimoto yanu, mpweya womwe ndi wanu!"

"Mpweya wa m'matayalamo ndi wako. Utulutse."

Anaimirirana choncho, madzi atafika pa matayala a kutsogolo. Verna akanatha kudula yekha, dzanja linali nalo mphamvu. Koma anatembenuza mpeni, naupereka chogwirira chili kutsogolo.

"Unawaika ndiwe. Ine ndikukagwira ana."

Anamusiya pomwepo osacheuka. Analowa pakati pa ng'ombe, nagwira kamwana koyamba pakhosi ndi kumchira. Mayi wake anapukusa mutu, Verna anamumenya pamphuno ndi chigongono. Ali mkati molimbana, anamva kumbuyo kwake, fyooo, mluzu waukali wautali. Kenako wachiwiri. Galimoto inakhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, ndipo mpira unatuluka m'khosi ndi kaphokoso kakang'ono, khwe.

Tanner anabwera nkhope ili gwa. Anatenga kamwanako m'manja mwa amayi ake. Anayang'ana kumbuyo kwa galimoto, kumene kunalibe bodi, kenako anayang'ana amayi ake.

"Mpando wa kumbuyo," anatero Verna.

"Wachikopa."

"Nazonso n'zachikopa. Lowetsa."

Analowetsa tonse tiwiri. Kamodzi kanachita ndowe pomwepo, yachikasu, ya mkaka. Verna anatsitsa magalasi onse a kumbuyo kuti kulira kumveke, nakwera pamodzi ndi tianato, bondo limodzi pa mpando, manja atagwira makosi.

"Pang'onopang'ono. Ukathamanga zitaya mtima, ukaima titengedwa. Yenda pakati pa mitu ya mpandayo."

Galimoto inalowa m'madzi ikutsimphina, matayala ophwa akupindika pansi pa malimu, pwata, pwata. Verna anapotokola khutu la kamwana kamodzi. Kanalira mokweza, mbee! Mayi wake anayankha kumbuyo, nalowa m'madzi osaganiza kawiri, mphuno ili pa zenera. Wachiwiri anatsatira. Zitatu zija zinazungulirazungulira pa gombe, kenako imodzi inalowa, ndipo zonse zinalowa.

Pakati pa kamlatho madzi anamenya zitseko. Analowa pansi pa mapazi, ozizira. Galimoto inasuntha cham'mbali kamodzi, kumbuyo kopepukako kukufuna kutembenuka, ndipo Tanner anatukwana mawu amene sananenepo pamaso pa amayi ake. Matayala a kutsogolo analuma simenti n'kukoka. Verna sanayang'ane kutsogolo. Maso ake anali pa ng'ombe yofiira yokalamba imene inali kumapeto, imene madzi anaikankhira ku mpanda mpaka inatsamira waya. Inamira mpaka m'khosi, mphuno yokha ili m'mwamba.

"Ima!"

"Mwati ndikaima titengedwa!"

"Ndiye usaime! Chepetsa!"

Anapotokolanso khutu, kamwana kanakuwa, ng'ombe zonse zinayankha pamodzi. Yofiira ija inaponda penapake polimba, inadzikoka, waya unaduka, ndipo inatuluka ikutsokomola madzi, mwendo ukuchucha magazi.

Anakwera chitunda cha ku msewu wa tala matayala a kumbuyo atasanduka nsanza. Limodzi linavuka pa limu n'kutsala m'matope. Tanner anakhotera pa bwalo la tchalitchi limu likukanda miyala, nazimitsa injini. Verna anatsitsa tiana, tinathamangira kwa amayi awo n'kuyamba kuyamwa ngati palibe chachitika. Anatseka geti la tchalitchi ndi lamba wa jekete lake. Anawerenga. Zisanu ndi ziwiri. Anagwada n'kuona mwendo wa yofiira ija. Bala linali lalitali koma losazama.

Atacheuka kuyang'ana kumene anachokera, ngolo inali itamira mpaka theka, khosi lili m'mwamba. Ngoloyo anaigula ndi malemu chaka chimene Tanner anabadwa. Anaiyang'ana kanthawi, napukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

Tanner anali atakhala pansi pa miyala, pafupi ndi limu lopanda tayala, atanyamula chidutswa cha mphira chokhala ndi mano atsopano, timinga ta ku fakitale tisanathothoke n'komwe.

"Zonse zili moyo," anatero osadzutsa mutu. "Simunena kanthu?"

"Ndinene chiyani?"

"Kaya. Chilichonse."

Verna anaganiza. Mnyamatayo anawoloka bwino, zimenezo n'zoona. Ngolo yapita, zimenezonso n'zoona.

"Ng'ombe izi sizinadye," anatero. "Imbira Odell abweretse mabelo awiri a udzu ndi mankhwala a bala. Umuuze kuti mwendo wa yofiirayi ukatupa, ndiiwerenga ngati yakufa."

Tanner anatulutsa foni m'thumba. Inali ikudontha madzi.

"Yafa."

"Miyendo yako yafanso? Ndi mamailosi awiri. Nyamuka."